Kalata kwa oyang'anira chisamaliro cha amayi oyembekezera: za mwana wotsala mnzake wa mapasa akafera m'mimba

Olemekezeka,

Kalatayi ndalembera inu amene mumakonza ndondomeko za sikelo ya amayi oyembekezera, inu amene mumagula makina a sikani n'kusankha kumene akaikidwe, ndi inu amene mumaphunzitsa azamba ndi madokotala. Ndikufuna tikambe za ana amene m'malipoti anu sapezeka ngati gulu paokha. Ana amenewa anali mapasa ofanana, mnzawo anafera m'mimba, iwo n'kubadwa amoyo. M'kaundula wa kumateneti mumalembedwa kuti mmodzi wamoyo, mmodzi wakufa, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Ine ntchito yanga ndi ya mafizo a ana, choncho ndimakumana nawo nthawi itatha kale. Amabwera ali ndi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, khosi likadali lendelende, manja ali chifumbatire, ukawaimika miyendo n'kumapingasa. Pa kalata yowatumiza kwa ife pamalembedwa kuti cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo, ndipo pa mzere wa chifukwa pamakhala popanda kanthu, kapena wina analembapo mongoganizira kuti anabanika pobadwa. Pali funso limene ndimafunsa mayi aliyense: "Kodi mimba ya mwanayu inali ya mwana mmodzi?" Ambiri amati inde. Ena amayamba akhala kaye chete, kenako n'kunena kuti, "Anali awiri. Mnzake anafera m'mimba. Anandiuza kuti uyu ali bwinobwino, ndisadandaule." Amene anawauza zimenezo sankanama dala. Mtima wa mwanayo unkagunda, ankasuntha, ndipo sikani ya tsiku limenelo sinaonetse vuto. Koma pa mapasa a mtundu umenewu, zinthu zitatuzo sizokwanira kumuuza mayi kuti agone tulo.

Nkhani yonse yagona pa nsengwa. Mapasa osafanana amachokera ku mazira awiri, aliyense ndi nsengwa yake. Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi logawika pawiri. Likagawika m'masiku 3 oyambirira, aliyense amapezanso nsengwa yake. Likagawika pakati pa tsiku la 4 ndi la 8, anawo amakhala ndi nsengwa imodzi koma aliyense thumba lake la madzi, ndipo likachedwa kuposa apo amagawana ndi thumba lomwe. Pa mimba zitatu zilizonse za mapasa ofanana, pafupifupi ziwiri zimakhala za nsengwa imodzi. Ndiye si zinthu za apo ndi apo.

Ndikanakonda aliyense wa inu akanaona nsengwa yotere itayalidwa patebulo. Pamwamba pake pamatuluka zingwe ziwiri za mchombo, ndipo kuchokera pa chingwe chilichonse mitsempha imamwazikira mbali zonse. Ukaitsatira ndi chala umapeza kuti ina sinathere m'dera la mwiniwake. Yadutsa malire n'kukalumikizana ndi ya mnzake. A mu labotale akapopera utoto wosiyana mitundu m'mitsemphayo, umaoneka ukuwoloka kuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo. Pafupifupi nsengwa iliyonse ya mtundu umenewu ili ndi njira zoterezi. Onse awiri akakhala amoyo, mitima iwiri imapopa, ndipo nthawi zambiri magazi opita ndi obwera amalingana.

Mtima umodzi ukaima, mphamvu ya magazi mbali imeneyo imagweratu. Mitsempha ya wakufayo imatsala yotseguka popanda chokankhira magazi kuti abwerere. Zili ngati migolo iwiri yolumikizidwa ndi payipi kunsi: umodzi ukabooka, winawo umaphwa nawo ngakhale uli wopanda chilema. Mwana wamoyo amatayira magazi ake m'thupi la mnzake ndi m'mbali ya mnzake ya nsengwa, BP yake imatsika mwadzidzidzi, ndipo ubongo wake, umene pa nthawiyo ukukula mofulumira, umasowa magazi ndi mpweya. Zimenezi zimachitika pamene mnzakeyo akufa kapena atangofa kumene. Pomwe mayi azifika kuchipatala kudzanena kuti ana sakusuntha ngati kale, pomwe mzamba azipeza kuti mtima umodzi sukumveka, zimene zimati zichitike nthawi zambiri zimakhala zitachitika kale. Ubongo ndi umene umapwetekeka kwambiri: malo amene minofu inafa pamatsala mabowo odzaza madzi, kapena mutu umasiya kukula bwino. Nthawi zina impso, matumbo ndi khungu zimakhudzidwanso. Chiopsezochi chimakula makamaka imfayo ikachitika mimba itadutsa miyezi itatu yoyambirira.

Madokotala akale sankazimva choncho. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, maganizo otchuka anali oti thupi la mwana wakufa limatulutsa zinthu zoundanitsa magazi, zimene zimawoloka n'kukatseka mitsempha ya wamoyoyo. Zikanakhala zoona, nzeru ikanakhala kumutulutsa msanga asanawonongeke. Mu 1991 Fusi ndi anzake ku London analemba kuti vuto lenileni likhoza kukhala kutaya magazi mwadzidzidzi. Mu 1998 Nicolini ndi gulu lake anayeza magazi a ana akadali m'mimba: amene anayezedwa mnzawo asanafe sanali operewera magazi, koma amene anayezedwa m'maola 24 mnzawo atafa anali ataperewera. Kuyambira pamenepo akatswiri ambiri anasintha maganizo.

Koma maganizo akalewo sanatheretu m'zipinda zoberekera. Ndimawamvabe kwa amayi, akamati, "Anati wakufayo amuwolera mnzake," ndipo ena anatengedwadi kupita ku opaleshoni usiku womwewo mimba ili ndi masabata 28 kapena 30. Ndikumvetsa mtima wa dokotala amene wapeza mwana mmodzi wafa n'kufuna kupulumutsa winayo pompopompo. Kukhala manja lende pa nthawi yotere n'kovuta kuposa kugwira mpeni. Koma mwana wa masabata 28 ali ndi mavuto akeake ngakhale popanda nkhani ya mapasa: mapapo osakhwima, mitsempha ya mu ubongo yosachedwa kuphulika. Kumutulutsa sikubweza magazi amene anataya dzana, kumangoonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Malangizo a mu 2016 a ISUOG, bungwe la akatswiri a sikani ya amayi oyembekezera padziko lonse, amanena poyera kuti kubereketsa nthawi yomweyo nthawi zambiri sikoyenera. Mimba ikakhala kuti yakwana masiku palibe chodikira. Ikakhala isanakwane, mwanayo aziyang'aniridwa pafupipafupi, ndipo kubereka kuganiziridwe pa masabata 34 mpaka 36, mayi atalandira jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana. Zilipo nthawi zimene mwana kapena mayi akuonetsa kuti sangadikire, ndipo pamenepo dokotala wamkulu ndiye agamule. Chimene ndikukana ndi choti chigamulo cholemera chotere chizigwera wogwira ntchito wachinyamata amene ali yekha usiku, wopanda pepala lomuuza chochita ndiponso wopanda womuimbira foni.

Ziwerengero zilipo ndipo si zobisika. Mu 2011 Hillman, Morris ndi Kilby a ku Birmingham anaphatikiza kafukufuku amene analipo pa nkhaniyi. Anapeza kuti mmodzi akafera m'mimba, ana otsala 15 pa 100 alionse amafanso asanabadwe ngati nsengwa inali imodzi, pamene zikakhala ziwiri ndi ana 3. Ana 34 pa 100 a nsengwa imodzi amene anajambulidwa ubongo atabadwa anapezeka ndi vuto, poyerekeza ndi 16 a nsengwa ziwiri. Amene anakula ndi vuto la ubongo anali 26 pa 100, poyerekeza ndi 2. Kumbuyoko, mu 2000, Peter Pharoah analemba m'magazini ya The Lancet za ana otere a ku England ndi Wales, ndipo cerebral palsy inapezeka yochuluka kwambiri mwa otsala amene iwo ndi mnzawo wakufayo anali onse anyamata kapena onse atsikana, gulu limene muli mapasa ofanana. N'chifukwa chake mayi akandiuza kuti anali awiri, ndimafunsanso ngati anadziwa kuti winayo anali mwamuna kapena mkazi.

Chiwerengero cha 26 chija muchiwerenge mbali zonse ziwiri. Chikutanthauza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa anayi amavulala, komanso kuti pafupifupi atatu pa anayi amakula popanda vuto limeneli. Makolo ayenera kumva zonse ziwiri. Kuwaopseza ngati kuti zatha n'kulakwa, kuwauza kuti palibe vuto n'kulakwanso.

Popeza kuvulalako kumachitika aliyense asanadziwe, ntchito yaikulu iyenera kugwiridwa imfa isanafike, ndipo imayambira pa funso limodzi: nsengwa ndi imodzi kapena ziwiri? Funsoli limayankhika mosavuta pa sikani ya pakati pa masabata 11 ndi 14. Wojambula amayang'ana pamene nembanemba yolekanitsa anawo yakumana ndi nsengwa. Zikakhala nsengwa ziwiri, mnofu wa nsengwa umalowerera pakati pa nembanembayo n'kupanga kachinthu ka makona atatu, kooneka ngati chilembo cha Chigiriki cha lambda. Ikakhala imodzi, nembanembayo imakhala yopyapyala kwambiri ndipo imangogunda pa nsengwa mowongoka, ngati chilembo cha T. Makina wamba a sikani amaonetsa zimenezi, ndipo mzamba wophunzitsidwa akhoza kuzizindikira. Masabata akamapita, ka makona atatu kaja kakhoza kufafanizika, ndipo nsengwa ziwiri zogundana zimaoneka ngati imodzi. Pa masabata 22 kapena 24 wojambula amatha kungotsala ndi zongoganizira, pokhapokha ataona kuti mmodzi ndi mwamuna wina mkazi, chifukwa pamenepo nsengwa ndi ziwiri.

Apa ndi pamene ndondomeko zambiri zimaperewera. Malangizo a WHO a mu 2016 amati mayi aliyense woyembekezera apangidwe sikani imodzi mimba isanakwane masabata 24. Kwa mwana mmodzi zimathandiza ndithu. Kwa mapasa, sikani ya pa masabata 23 yafika mochedwa, ndipo palibe amene amadziwiratu kuti mimba ndi ya mapasa asanajambule. Choncho ngati muli ndi mphamvu yopereka sikani imodzi yokha kwa mayi aliyense, ndikupempha kuti muikokere koyambirira momwe mungathere, ndipo amayi auzidwe chifukwa chenicheni choyambira sikelo msanga. Pa khadi la sikelo pakhale malo akeake olembapo yankho la nsengwa, osangolemba kuti "mapasa" n'kutseka cholembera. Chithunzi cha nembanembayo chisungidwe. Ngati yankho silinapezeke chifukwa mayi wabwera mochedwa, malangizo omwewo a ISUOG amati mimbayo itengedwe ngati ya nsengwa imodzi. Ndaonapo makhadi ambiri a amayi a mapasa. Kulemera kwa mayi kunalembedwa mwezi ndi mwezi mosaphonya, koma za nsengwa palibe ndi liwu limodzi lomwe.

Yankholi likadziwika, ulendo wa mimba ziwirizi umasiyana. Mapasa a nsengwa ziwiri amajambulidwa masabata 4 alionse kuyambira sabata la 20. A nsengwa imodzi amafunika kujambulidwa masabata awiri alionse kuyambira sabata la 16, ndipo ngakhale zonse zikuyenda bwino, amene aliyense ali ndi thumba lake amabereketsedwa kuyambira sabata la 36, osadikira kuti masiku akwane. Masabata awiri si chiwerengero chongotola. Pa mimba 10 mpaka 15 pa 100 zilizonse za nsengwa imodzi, magazi amayamba kuyenda mopendekera mbali imodzi, vuto limene madokotala amalitcha TTTS. Mwana wina amalandira magazi ochuluka, amakodza kwambiri, thumba lake n'kudzaza madzi. Winayo amatsala ndi madzi ochepa, chikhodzodzo chake sichionekanso, ndipo amakhala ngati wamamatira kukhoma la chiberekero. Zimatha kufika poipa m'masiku ochepa. Kuyeza madzi a thumba lililonse ndi kuyang'ana zikhodzodzo ziwiri si ntchito yofuna makina odula. Mayi nayenso auzidwe kuti mimba ikakula mwadzidzidzi, ikakungika, akayamba kubanika, asadikire tsiku la sikelo. Amayi ambiri a mapasa amauzidwa kuti kulemedwa n'kwachibadwa, ndiye amapirira zimene sanayenera kupirira.

TTTS ili ndi chithandizo. Dokotala amalowetsa kamera yopyapyala m'chiberekero n'kuwotcha ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser mitsempha yolumikiza anawo, nthawi zambiri pakati pa masabata 16 ndi 26. Kafukufuku wa Senat ndi anzake amene anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2004 anayerekeza njirayi ndi yakale yongopopa madzi ochulukawo. Ndi laser, pa mimba 76 pa 100 mwana mmodzi kapena onse awiri anali amoyo patatha masiku 28 atabadwa, poyerekeza ndi mimba 56 pa njira yakale. Ana opezeka ndi mabowo mu ubongo anali 6 pa 100, poyerekeza ndi 14. Kwa ine phindu lina la laser ndi ili: njira zija zikatsekedwa, ngakhale mmodzi atadzafa pambuyo pake, winayo sakhalanso ndi kotayira magazi ake.

Mudzati si chipatala chilichonse chingakhale ndi laser, ndipo n'zoona. Sizifunikanso kuti chikhale nayo. Opaleshoni imeneyi imayenda bwino m'manja mwa anthu ochepa amene amaichita kawirikawiri. Chimene chikufunika n'choti wojambula akapeza zizindikiro adziwe kumene angatumize mayiyo, nambala yoimbira, ndi amene alipire ulendowo, zonsezi zitakonzedwa kale. Kumene chithandizochi kulibiretu, kujambula kumathandizabe: mayi amasamutsidwira pafupi ndi nazale yabwino, jakisoni wa mapapo amaperekedwa pa nthawi yake, ndipo tsiku lobereka limasankhidwa ndi maso. Ndivomerezenso kuti imfa zina zimabwera popanda chenjezo, sikani zonse zili bwino. Zimenezo sizingapewedwe. Koma zimene zimatsatira imfayo zikhoza kukonzedwa.

Tsiku limene zadziwika kuti mmodzi wafa, pali zochita zodziwika bwino. Ndi sikani yotchedwa Doppler amayeza liwiro la magazi mu mtsempha wina wa mu ubongo wa wotsalayo, chifukwa magazi ochepa ndi osungunuka amathamanga kwambiri. Njira imeneyi inakhazikika ndi kafukufuku wa Giancarlo Mari wa mu 2000. Zipatala zina zikuluzikulu zimamuika magazi mwanayo akadali m'mimba. Zimenezi zimakonza kuchepa kwa magaziko, koma sizinatsimikizike kuti zimateteza ubongo umene wapwetekeka kale. Mayi wa gulu la magazi la Rhesus negative alandire jakisoni wa anti-D, woteteza kuti thupi lake lisalimbane ndi magazi a mwana. Ngati mwana angabadwe asanakwane masabata 32, WHO imalimbikitsa magnesium sulphate kwa mayi pofuna kuteteza ubongo wa mwanayo, ndipo mankhwalawa ali kale m'zipinda zambiri zoberekera chifukwa ndi omwe aja a amayi okomoka ndi BP.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi kujambulanso ubongo. Minofu ya ubongo ikafa lero, sikani wamba siionetsa lero. Pamatenga masabata kuti malowo asungunuke n'kuoneka ngati bowo. N'chifukwa chake akatswiri amati ubongo wa wotsalayo ujambulidwe patatha masabata 4 mpaka 6 mnzake atafa, ndi makina ojambula mozama otchedwa MRI kumene alipo, kapena ndi sikani yofatsa ya katswiri. Akabadwa ajambulidwenso kudzera paliwombo, lomwe likadali lotseguka. Amayi aja amene anauzidwa kuti mwana ali bwinobwino anauzidwa zoona za tsiku limodzi lokha. Palibe anawapatsa tsiku lobweranso.

Mundilole ndiime pang'ono pa mayiyu, chifukwa m'malangizo amangotchulidwa m'mzere umodzi. Mukumupempha kuti ayende masabata angapo, mwina miyezi, atanyamula mwana wakufa ndi wamoyo m'mimba imodzi. Akamva kusuntha amasangalala n'kulira nthawi yomweyo. Usiku mwana akakhala phee kwa kanthawi, amadzuka n'kukhala tsonga. Ali ndi mafunso amene amachita manyazi kufunsa: kodi wakufayu sandidwalitsa? Kodi akuwola? Kodi adzatuluka akuoneka bwanji? Mayankho alipo. Pa mimba za mapasa si kawirikawiri mayi kudwala chifukwa cha mwana wakufayo, ndipo adokotala amamuyang'anira. Thumba likakhala losasweka, thupilo siliwola ngati la panja. Limafewa, limachepa, ndipo likakhalitsa limaphwatalala. Mayi auzidwe zimenezi tsiku lobereka lisanafike, afunsidwenso ngati adzafune kumuona kapena ayi, ndipo bambo asasiyidwe pakhonde. Ndiye pali mawu amene ogwira ntchito amanena ndi mtima wabwino koma amalasa: "Thokozani kuti mwatsala ndi mmodzi." Mayiyo akuthokoza kale. Akulirabe winayo, ndipo pa mapasa ofanana nkhope ya wakufayo adzaiona tsiku ndi tsiku pa wamoyoyo. M'manazale ambiri a ku Britain amamata chithunzi cha gulugufe wa mtundu wa pepo pa kabedi ka mwana amene mnzake anamwalira, kuti namwino wolowa ntchito usiku kapena kholo la pabedi loyandikana lisalankhule mosadziwa. Chizindikiro chake chikhoza kukhala chilichonse. Chofunika n'choti mayi asamafotokoze imfa ya mwana wake kwa munthu watsopano maola asanu ndi atatu alionse.

Pobereka, nsengwa isatayidwe isanaonedwe. Ngakhale popanda labotale, mzamba akhoza kusenda nembanemba ya pakati: zigawo ziwiri zopyapyala zoonekera ndiye kuti nsengwa inali imodzi, yokhuthala yosaonekera bwino ndiye kuti zinali ziwiri. Yankholo lilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana wamoyoyo, osati m'fayilo ya mayi yokha. Buku la mwana ndi limene limayenda naye ku sikelo ya ana, ndi limene ine ndimaliona. M'mabuku ambiri amene amandifika mulibe chilichonse chosonyeza kuti mwanayo anali ndi mnzake.

Tsopano ndifike pa mbali imene ndimaidziwa ndi manja anga. Cerebral palsy siyenera kudikira kuti mwana alephere kuyenda ndiye idziwike. Mu 2017 Iona Novak ndi akatswiri anzake ambiri analemba mu JAMA Pediatrics kuti ikhoza kuzindikirika mwana asanakwane miyezi 5, pogwiritsa ntchito MRI, mayeso a Hammersmith oona mmene ubongo wa khanda ukugwirira ntchito, ndi njira yoonera kasunthidwe ka khanda imene anayambitsa Heinz Prechtl. Njira yomalizayi ndi imene ndikufuna muimvetse, chifukwa imangofuna foni ya kamera ndi munthu wophunzitsidwa. Khanda la miyezi 3 mpaka 5 limagonekedwa chagada, lili maso, losalira, lovala zopepuka, popanda womuseweretsa, n'kulijambula vidiyo mphindi zochepa. Khanda lathanzi limakhala ndi timayendedwe ting'onoting'ono tosalekeza: kadzanja kakupotoka pang'ono, kaphazi kakuzungulira, khosi ndi chiuno zikugwedezeka mbali zonse mofewa. Munthu wosadziwa sationa n'komwe. Timayendedwe timeneti tikasoweratu pa msinkhu umenewu, ndi chenjezo lamphamvu. Vidiyo yotere ikhoza kujambulidwa kuchipatala chaching'ono n'kutumizidwa kwa katswiri ali kutali.

Sindikulonjeza zozizwitsa. Mafizo sameretsa ubongo pamene panafa. Koma ubongo wa khanda umatha kupeza njira zina kuposa wa mwana wa zaka zitatu, ndipo miyezi yoyambirira sibwereranso. Mwana amene tamuyamba msanga timamuphunzitsa kugwiritsa ntchito dzanja limene akanalinyalanyaza, timaphunzitsa makolo kagonekedwe ndi kakhazikidwe koteteza ziwalo kuti zisaumiretu, timayang'anira mafupa a m'chiuno asanaguluke, timaona ngati akutsamwa poyamwa chibayo chisanamugwire, maso ndi makutu zimayezedwa, khunyu imagwidwa isanamuzunze. Amene amabwera ali ndi zaka zitatu, zina mwa zimenezi timazipeza zitakhazikika kale. Mwana aliyense wotsala wa nsengwa imodzi alowe m'ndondomeko yotsatiridwa ngakhale akuoneka wathanzi, mpaka atayezedwa bwino kakulidwe kake pa zaka ziwiri, monga malangizo a ISUOG amanenera. Ambiri mudzawatulutsa m'ndondomekoyo alibe vuto, ndipo makolo awo adzakhala atamva zimenezo kwa munthu amene wamuyezadi mwanayo.

Pali chifukwa chinanso chimene chiyenera kukukhudzani inu monga olemba anthu ntchito. Choonadi chikapanda kunenedwa, mlandu umagwera wina. Mayi amadziimba mlandu yekha: ndinanyamula zolemera, ndinachedwa kupita kuchipatala, ndinagona moipa. Achibale nthawi zina amamuthandiza kudziimba mlanduwo. Kapena mlandu umagwera mzamba amene anabereketsa, n'kumanenedwa kuti anachedwetsa mwana panjira, chonsecho ubongo unavulala masabata ambiri matenda asanayambe. Ndakhalapo ndi makolo amene anasunga mkwiyo zaka zambiri pa munthu wosalakwa. Nditawajambulira papepala nsengwa imodzi ndi mitsempha yake yowoloka, bambo wina anangoti, "Nanga bwanji sanatiuze?" Kufotokoza kumeneku si ntchito yanga, ndi ya amene anali nawo pa nthawi ya mimba, amene ali ndi zithunzi za sikani ndi zotsatira za nsengwa m'manja.

Choncho banja lililonse lotere lipatsidwe tsiku lobweranso patatha masabata angapo mayi atabereka, kudzakhala pansi ndi dokotala wa amayi pamodzi ndi dokotala wa ana, m'chipinda chotseka chitseko, osati pamzere wa sikelo. Auzidwe chimene chinapha mwana wawo ngati chadziwika, chimene chithunzi cha ubongo wa wotsalayo chaonetsa, zizindikiro zoti aziyang'anira kunyumba, ndiponso kuti pa mimba yotsatira ayambe sikelo asanakwane masabata 14. Tsiku limeneli lilembedwe m'buku mayi asanatuluke m'chipatala, pamodzi ndi dzina la amene adzawaone ndi la amene adzawafunefune akapanda kubwera.

Ine wanu,
Wogwira ntchito ya mafizo a ana